Bokosi la mabatani la magemu: musaitane kaye kalipentala

M'bale wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, wandilembera imelo. Ali ndi kompyuta yakale ndi PlayStation 4 pamalo pomwe achinyamata amalipira kuti asewere, ndipo mapadi akumuthera msanga. Akufuna kudzipangira bokosi la ndodo ndi mabatani akuluakulu, ngati la makina a magemu akale aja. Akufunsa: ayambire pati, ndipo kalipentala wa pamsika angathe?

Achimwene, kalipentala angathe, koma nthawi yake sinakwane. Choyamba ndi kabodi ka zamagetsi kamene kamalumikiza mabatani ndi makina anu kudzera pa USB. Kotchipa kwambiri ndi Zero Delay. Kamabwera ndi mawaya ake, ndipo pa kompyuta ya Windows kapena pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi mukangokalowetsa kamagwira ntchito. Pa PlayStation 4 ndi nkhani ina. Makinawa amafuna chipangizo chitsimikize kuti n'chovomerezeka ndi Sony, ndipo Zero Delay wamba alibe chotsimikizira. Kumeneko mufunika bodi ya kampani ya Brook, yomwe ndi yodula kangapo. Mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, ine ndingati yambani ndi kompyuta yanuyo, muikemo MAME, pulogalamu yoseweretsa magemu a makina akale aja, ana aone Street Fighter II ya 1991.

Ndiye mabatani. Apa ndi pomwe ambiri amawonongera thabwa. Mabatani a Sanwa a ku Japan, ndi otchipa owatsanzira amene amadzadza pa msika wa pa intaneti wa AliExpress, amafuna bowo la mamilimita 30. Ang'onoang'ono a Start ndi Select ndi 24. A Happ a ku America ndi 28. Musaboole chilichonse katundu asanafike m'manja mwanu, chifukwa bowo likakula silibwerera. Onaninso mmene bataniyo imagwirira. Ina imangokanikizidwa n'kudzikola ndi timano tiwiri, ndipo imeneyo anaipangira chitsulo kapena pulasitiki yopyapyala. Pathabwa lochindikala timanoto sitigwira. Pa thabwa gulani yomangira ndi nati.

Ndodo nayo ili ndi vuto lofanana. Ya Sanwa JLF imadutsa pabowo la mamilimita 24, koma ndi yaifupi. Mukaimangira pansi pa bulokubodi wa mamilimita 18 imangotuluka kamutu. Uzani kalipentala asemeko kunsi ndi tchizulo pomwe mbale yake idzakhale. Chobowolera cha mamilimita 30 mwina alibe. Mungachifunefune m'masitolo a zomangira ku Malangalanga ku Lilongwe, kapena ku Chipata poti inu muli pafupi ndi malire a Mwami.

Mawaya musawaope, sipafunika kuwotcherera. Batani wamba ya Sanwa kapena yoitsanzira ili ndi timiyendo tiwiri, ndipo waya uliwonse ungapite paliponse mwa tiwirito. Chenjerani ndi chingwe cha mawaya 5 cha ndodo: mukachitembenuza, mbali zimasokonekera kapena zina sizigwira n'komwe. Musanakhomere chivundikiro, lembani joy.cpl pamalo ofufuzira pa Windows, mukanikize batani iliyonse muone ngati ikuyaka pa sikirini.

Mabatani 6, m'mizere iwiri ya atatuatatu, ndi okwanira magemu omenyana akale. Pa magemu a masiku ano ambiri amaika 8. Jambulani kaye papepala, muikepo dzanja lanu, muone ngati zala zikufika bwino.

Poti bokosi lanu ndi la bizinesi, lichiteni lolemera, ndipo kunsi mumate labala la chubu chakale kuti lisamatereke mnyamata akamapsa mtima. Chivundikiro cha pansi chikhale cha sikuluwu, osati misomali, chifukwa fumbi la mu Okutobala lidzakukakamizani kumatsegula. Ndipo poitanitsa katundu onjezerani mabatani awiri kapena atatu osungira. Batani yomenyera nkhonya ndi imene imayamba kufa, ndipo kudikira ina kuchokera ku China kumatenga masabata ambiri.