Kodi nthano zazitali zakalezi n'zoyenera kuzivutikira?

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti anagula Great Expectations ya Charles Dickens kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe, koma akangowerenga masamba ochepa tulo timawagwira. Akufunsa ngati mabuku otchuka akalewa alidi ndi kanthu, kapena timangowatama poti aphunzitsi anatiuza kuti ndi apamwamba. Akufunanso kudziwa chimene ine ndinapezamo.

Achemwali, bukulo musaliike pansi pa bedi. Vuto si inu ayi. Nkhaniyi poyamba sinatuluke ngati buku. Dickens ankaitulutsa pang'onopang'ono sabata iliyonse m'magazini yake ya All the Year Round, kuyambira Disembala 1860 mpaka Ogasiti 1861. Owerenga a nthawi imeneyo ankalandira chaputala chimodzi kapena ziwiri, kenaka n'kudikira sabata yathunthu. Machaputala onse alipo 59, ndiye inu mukufuna kuwameza masiku atatu? Werengani ziwiri madzulo, mutseke. Mawu achingerezi chakale akakuvutani musamathamangire dikishonale nthawi zonse, pitirirani, tanthauzo limadzaoneka lokha kutsogolo.

Tsono chimene chinandigwira mtima ine ndi ichi. Pip ndi mwana wamasiye, woleredwa ndi mlongo wake wankhanza. Munthu yekhayo womukonda panyumbapo ndi mlamu wake Joe Gargery, wosula zitsulo, wosaphunzira, wofatsa. Kenaka kukubwera loya, Jaggers, kudzanena kuti munthu wina wosafuna kudziwika wapereka ndalama zoti Pip apite ku London akakhale bwana. Mnyamata uja akuphunzira kuvala, kudya ndi foloko, kulowa m'ngongole. Pa chaputala 27 kalata ikufika yoti Joe akubwera kudzamuona, ndipo Pip akuvomera poyera kuti kukanakhala kotheka kulipira ndalama kuti mlamu wakeyo asabwere, akanalipira.

Joe akufika atavala zovala zake za pa Sabata zomuthina. Chipewa akusowa pochiika, chikungogwagwa. Joe akumulankhula Pip, mwana amene anamulera yekha, mwaulemu ngati bwana wachilendo. Potsazika, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono, akumuuza kuti iye malo ake ndi kosulira zitsulo, ndipo Pip akafuna kumuona bwino akamupeze kumeneko. Nditafika pamenepa ndinatseka buku, maso atadzaza misozi.

Ndani mwa ife sanazionepo zimenezi? Malume anagulitsa mbuzi ndi fodya kuti mwana wa mlongo wawo aphunzire. Lero afika ku Lilongwe atanyamula thumba la ufa ndi nkhuku yomanga miyendo, mwana uja akuwalowetsa khomo lakuseri chifukwa pabalaza pali anzake a kuntchito. Chimene Dickens anachita mwaluso n'chakuti nkhani yonse akuikamba ndi Pip mwini atakula. Simumuweruza muli patali. Muli m'mutu mwake, mukumva manyazi ake, mukumvetsa chifukwa chake, ndipo n'zimene zimapweteka kwambiri.

Sindikuti zonse m'bukumu n'zabwino. Miss Havisham, amene anaimitsa mawotchi onse n'kukalamba ali chivalire diresi la ukwati, kwa ine Dickens anawonjeza mchere. Komanso anthu ake amapezeka kuti ndi apachibale mwangozi kawirikawiri kuposa mmene moyo umakhalira. Zimenezo ndimazipirira chifukwa cha Joe. Za mwini ndalama uja sindikuuzani, mukadzionere nokha.

Ngati Chingerezi cha Dickens chikulemerabe, yambani ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe ya 1958. Ndi yaifupi, mawu ake ndi osavuta, ndipo Okonkwo, amene akuwononga zonse poopa kuoneka wofooka ngati bambo ake Unoka, simudzamuiwala. Musaiwalenso zathu. Nthondo ya Samuel Josia Ntara inatuluka mu 1933. Ambiri tinaiwerenga mothamanga pofuna kukhoza mayeso, koma kuibwereza muli wamkulu, popanda mphunzitsi wofunsa mafunso, mumaona moyo wa m'mudzi wa Achewa umene agogo athu anaukhala.

Kaya bukulo lang'ambika masamba ena, monga amachitira ambiri ogula pamsewu, musadandaule. Dickens anamwalira mu 1870, choncho mabuku ake ali pa webusaiti ya mabuku akale ya Project Gutenberg mwaulere, mutha kuwerengera pafoni. Kapena kafunseni ku National Library Service ku Blantyre konko.