Za kalabu, ma donor ndi makatoni a mabuku amene anadyedwa ndi chiswe

Imelo iyi inandipeza ndili pa Kamuzu Road kuno ku Salima ndikudikira kabaza, ndipo ndinaiwerenga kawiri chifukwa inanditokosa pa chilonda. Walemba ndi mnyamata wa ku Khombedza, ali chaka chachitatu ku yunivesite, anzake amusankha kukhala tcheya wa kalabu yokamba za chitukuko cha maiko ndi maphunziro a dziko lonse. Akuti mamembala akuthawa poti kulibe alawansi, ndiye ndimuthandize kalembedwe ka pulopozo kuti apeze ma donor. Funso lake ndi lomweli basi.

Aphwanga, ine ndinali sekilitale wa kalabu ngati yanuyo. Inali nthawi yomwe ma MDG, zolinga zakale za chitukuko za United Nations, amatha, ma SDG olowa m'malo mwake akungobwera kumene mu 2015, ndipo tinaloweza zolinga zonse 17 ngati katekisimu, ukatidzutsa pakati pa usiku timatha kukuuza kuti nambala 4 ndi maphunziro abwino kwa aliyense pofika 2030. Timakumana Lachinayi madzulo, Chingerezi chokhachokha, wina akalankhula Chichewa timamuyang'ana ngati waponda nyansi. Kenaka mwayi unagwa, ophunzira a yunivesite ina ya kunja anatitumizira makatoni a mabuku, ndipo poti ine kwathu ndi kuno ndinalimbikira kuti tikapereke pa sukulu ina ya pulayimale ya mphepete mwa nyanja, dzina sinditchula. Tinachita hayala minibasi, tinasindikiza matisheti, ndalama ya matisheti yokhayo inali yokwana kugula makope a kalasi yonse koma palibe anaziganiza zimenezo, ngakhale ine amene ndimasunga mabuku a kalabu.

Tsikulo ana anawatulutsa m'makalasi 9 koloko, anakhala pansi pa mtengo mpaka 12, dzuwa la ku Salima mukulidziwa inu. Anaimba, anavina, agulupu analankhula, tcheya wathu analankhula Chingerezi chake chija ana akungoyang'ana nsapato zake. Titatsegula makatoni, mabuku ake a chipale chofewa, a mbiri ya mapulezidenti a ku America, ena a sayansi ya ku sekondale, kupatsa mwana wa Sitandade 3 amene ba be bi bo bu akumuvutabe. Tikukwera minibasi a hedi anandikokera pambali, poti amawadziwa bambo anga, nkundifunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, choko simunatengeko?"

Chaka chotsatira ndinapitako pa holide. Makatoni anali pomwe tinawasiya mu ofesi ya a hedi, a pansi chiswe chitalowa, masamba ena ndinawaona pa msika atakulungira zitumbuwa. Azakhali anga anangoti, "Inu munabwera kudzajambulitsa." Mpaka lero zithunzizo zili pa Facebook, anthu anazikonda kwambiri.

Ndiye mukati mamembala akuthawa chifukwa cha alawansi, ine ndikuti asiyeni apite, ndipo musawanyengerere. Matenda amenewa sanayambire kwa iwo ai, anawaona kwa akuluakulu, wekishopu iliyonse mu Malawi muno amaikokera ku Senga Bay kuti anthu asainire alawansi ya malo ogona, ife a kuno timaziona galimoto zake Lolemba lililonse. Mwana wa ku yunivesite waphunzira kuti chitukuko ndi envulopu ya khaki, botolo la madzi ndi chithunzi cha gulu. Ndipo ambiri olowa makalabu amenewa, tisanamizane, akufuna mzere pa CV kuti adzapemphere mwayi wokaphunzira kunja ngati Chevening kapena Mandela Washington Fellowship. Sindikuwada, inenso ndinali nawo maloto a ndege. Koma kalabu yomwe ikudikira donor kuti ipume ndi maliro oyenda. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID tinaona mapulojekiti akuluakulu, a maofesi ndi ma Land Cruiser, akutseka sabata imodzi, ndiye kalabu ya ana asukulu ndi ndani? Onjezaninso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti yomwe mungalembe lero pofika poti ayankhe ndi ya sopo.

Chinanso chimene chimanditopetsa ndi kuganiza kuti za dziko lonse zili ku New York kapena pa Zoom. Pitani pa Nkhotakota apa. Jumbe, wamalonda wa Chiswahili, anakhazikika pamenepo zaka za m'ma 1840, zombo zake za madhau zikuoloka nyanja ndi minyanga ndi akapolo kulowera ku Kilwa ndi Zanzibar, David Livingstone anadzakumana naye pansi pa mtengo zaka za m'ma 1860 ndipo mtengowo anthu amakauonabe. Shuga wa ku Dwangwa amagulitsidwa kunja. Njovu pafupifupi 500 anazisamutsa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kubwera ku nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, dziko lonse linaonera. Kuno ku Salima kuli magetsi a dzuwa a 60 MW a kampani ya JCM, koma funsani ana angati a midzi yoyandikira amawerenga ndi getsi usiku. Nkhani zimenezi ndi silabasi yathunthu ya kalabu yanu, osalipira data.

Ndipo za maphunzirozo, vuto lathu silinakhalepo loti ana sakudziwa SDG 4. A Muluzi atalengeza pulayimale yaulere mu 1994 ana anakhamukira ku sukulu, kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, makalasi ndi aphunzitsi osakwana, ndipo mpaka pano tikuthamangitsabe dzenje lomwelo. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS, ndimalandira ana a Fomu 1 opambana PSLCE koma ndime imodzi kuiwerenga thukuta kamukamu. Mnyamata wagona pa nyanja ndi chilimira usiku wonse, m'mawa ali pa desiki maso ofiira, ndipo iyeyo ali ndi ndalama m'thumba kuposa ine mphunzitsi wake pa 20 wa mwezi, ndiye mukamuuze chani za ubwino wa sukulu? Mwera ukaomba kalasi imadzaza, nyanja ikadekha usipa ukagwa anyamata theka kulibe, atsikana ali pa thandala kuyanika. Kalendala imeneyi simudzaipeza mu lipoti lililonse, koma mother group, gulu la amayi lothandiza pa sukulu, ya pa sukulu iliyonse ya kunyanja ikhoza kukuuzani mwezi ndi mwezi. Ife sitinawafunse amayi amenewo. Tinawapempha kuti atiphikire mpunga basi.

Za pulopozo ija

Musalembe kaye. Sankhani sukulu imodzi yokha, ya kwanu ku Khombedza komweko, mukaonane ndi a hedi ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'deralo, ku ofesi yawo ya TDC, mufunse chomwe chikusowa ndipo mutseke pakamwa akamayankha. Holide iliyonse anthu asanu amene atsale mu kalabumo azikawerengetsa ana a Sitandade 2 ndi 3 kwa masabata awiri, m'mabuku awo omwewo a Chichewa, kugona kwa abale, thiransipoti yosonkherana. Lembani maina a ana ndi zomwe akutha tsiku loyamba ndi lomaliza. Mukachita katatu mudzakhala ndi tsamba limodzi la zoona, lomwelo ndi pulopozo yanu, ndipo a dean of students ndi ofesi ya maphunziro pa boma pano muyambire kumeneko musanafike kwa azungu. Anzanu a kunja akafuna kutumiza mabuku auzeni atumize ndalama mugule a kuno.

Matisheti ayi. Mukamabwera mu Disembala mundiimbire ndikuperekezeni kwa a PEA, ndipo mutenge mabokosi awiri a choko, ine ndili ndi ngongole ya zaka khumi kwa a hedi ena ake.