Ngakhale amonke amabwerera kwawo

Mdzukulu wina wandilembera kuti anayambana ndi bambo ake pa nkhani ya fizi, pano sayankhulana, ndiye waona mavidiyo a amonke achibuda a ku Thailand oyenda wapansi aja, akuti nayenso akufuna angosowa basi aziyenda yekha popanda omusokosera.

Mwanawe, anthu amenewo wawaonera patali. Mmonke woyendayenda m'nkhalango, kumeneko amati thudong, katundu wake ndi mbale, mikanjo ndi ambulera yokhala ndi neti ya udzudzu. Ndalama sagwira, chakudya cha mawa sasunga, ndiye kukacha amalowa m'mudzi osavala nsapato, osapempha ndi pakamwa, mayi wina akamuthirira mpunga m'mbale ndiye kuti wadya tsiku limenelo, ndipo adye dzuwa lisanapitirire paliwombo. Wathawa anthu ameneyo? Moyo wake onse uli m'manja mwa anthu osawadziwa, iwe ungapirire zimenezo, iwe wokwiya ndi mau a bambo ako omwe?

Komanso umonkewo sungaulowe mwakuba. Mabuku awo amati Buddha mwini, atachoka kwawo zaka zingapo, anabwerera ku Kapilavatthu n'kumayenda ndi mbale khomo ndi khomo mumzinda wa bambo ake, mfumu Suddhodana, mpaka mfumuyo inachita manyazi. Anakaonananso ndi mkazi wake Yasodhara amene anamusiya ndi khanda. Mwanayo, Rahula, ali ndi zaka 7 anapempha chuma cha bambo ake, m'malo mwake anamuveka mkanjo. Agogo akewo zinawawawa koopsa, mwana anapita, pano mdzukulunso, ndiye anadandaula ndipo Buddha sanachite makani ayi, anaika lamulo loti mwana asalowe umonke makolo asanavomere. Mpaka lero pa mwambo wodzoza mmonke amamufunsa ngati mayi ndi bambo ake alola. Ndimaikonda nkhaniyi ine chifukwa wamkulu wa chipembedzo chonse anamvera kulira kwa nkhalamba.

Ajahn Chah naye, mmonke wa ku Thailand komanso mphunzitsi wotchuka amene anamwalira mu 1992, anayenda m'nkhalango zaka ndithu koma mu 1954 anabwerera kufupi ndi mudzi wa kwawo ku Ubon Ratchathani, pomwe pali nyumba ya amonke ya Wat Nong Pah Pong lero, ndipo mayi ake anadzakhala naye pompo.

Ndiye za kusowazo zisiye. Kupepesa kwa pa WhatsApp ayi, bambo sapepesedwa ndi timeseji. Kaye kwa amalume kapena azakhali, uwauze zonse ndi zako zomwe osati zokomera iwe zokha, akuperekeze. Ukafika ukhale pansi, foni m'thumba, uwasiye bambo akowo ayankhule mpaka atope, ngakhale anene zina zokuwawa usawadule. Za fizizo muzikambe tsiku lina mitima itatsika, mwina pali ngongole imene sanakuuze. Ndipo usapite chimanjamanja, kapaketi ka shuga sikangakusaukitse.