Watchmen: anthu a pakantemba amene filimu inawasiya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Katete. Akuti anaonera filimu ya Watchmen pa foni mausiku awiri, ndipo mphwawo amene akuphunzira ku Lusaka ali ndi buku lake, walonjeza kubwera nalo pa holide. Funso lawo ndi ili: "Ndamva kuti filimuyi anaikopera m'buku chithunzi ndi chithunzi. Nanga ndivutikirenji kuwerenga nkhani yomwe ndikuidziwa kale, komanso buku lake n'lazithunzi ngati la ana?"

Aphunzitsi, muuzeni mphwanuyo asaliiwale bukulo. Amene simunaonere ndikuchenjezeni kaye, pansipa ndiulula mathero.

Zimene munamvazo n'zoona mbali ina. Bukuli, lomwe ndi nkhani ya ngwazi zovala zigoba zolimbana ndi zigawenga ku America, linatuluka m'magawo 12 mu 1986 ndi 1987 ku DC Comics. Analemba ndi Alan Moore, anajambula ndi Dave Gibbons, utoto anapaka John Higgins, onse a ku Britain. Zack Snyder popanga filimu yake ya 2009 anatsatira dzanja la Gibbons mwaulemu ndithu. Comedian, mmodzi wa ngwazizo, akuponyedwa pazenera, kabaji kachikasu komwetulira kali ndi dontho la magazi, maliro ake pamvula, Dr. Manhattan, ngwazi ya mphamvu zachilendo, ali yekhayekha ku Mars: mukatsegula buku mudzazizindikira zonsezi ngati nkhope za achibale. Gawo la ku Mars lija, ndi nyimbo za Philip Glass pansi pake, ndimaliyamikira kwambiri.

Koma pali anthu amene filimu inawasiya panja, ndipo kwa ine ndi amene asenza nkhani yonse.

Pamphambano ina mu New York pali kantemba ka nyuzipepala. Mwini wake ndi mdala wolongolola, wa mtundu umene tonse timaudziwa pa msika wa Kapata, wodziwa za dziko lonse chifukwa amawerenga mitu ya nkhani asanagulitse. M'nkhaniyi chaka ndi 1985, Nixon akadali pulezidenti wa America, America ndi Soviet Union zatsala pang'ono kuponyerana mabomba a nyukiliya, ndipo mdalayo sakhala chete. Pambali pake pamakhala mnyamata, akuwerenga komiki osalipira, osamuyankha n'komwe. Pamabweranso mkazi woyendetsa takisi amene chibwenzi chake chikutha. Pamadutsa Malcolm Long, dokotala wa maganizo uja munamuona akufunsa Rorschach, mmodzi wa ovala zigoba, m'ndende. Filimu imamuonetsa makamaka m'ndende momwemo, koma buku limapita naye kunyumba, n'kutionetsa mmene zimene anamva zinamusowetsera tulo mpaka banja lake kuyamba kugwedezeka. Anthu amenewa savala zigoba, alibe mphamvu zachilendo. Timangokumana nawo gawo ndi gawo mpaka kuwazolowera. Kumapeto ndi pamene mdala ndi mnyamata amadziwa kuti ali ndi dzina limodzi, onse ndi Bernard.

Ndiye pa gawo 11 ndewu imabuka pamphambano ija. Long, ngakhale mkazi wake akumuletsa, amapita kukaleretsa. Ena nawonso amayandikira. Nthawi yomweyo chiwembu cha Adrian Veidt, amene kale anali wovala chigoba ndipo wakonza zopha anthu ambiri kuti aletse nkhondo ya nyukiliya, chimafika, kuwala kumadzaza msewu, mdala uja n'kumufungatira mnyamata kuti amuteteze. Gawo 12 limayamba ndi masamba asanu ndi limodzi, tsamba lililonse chithunzi chimodzi chachikulu, popanda wolankhula. Mitembo yokhayokha. Buku lonse Gibbons wakhala akukuyendetsani m'timabokosi ting'onoting'ono, kawirikawiri tisanu ndi tinayi patsamba, ndiye masamba akuluwa akafika mtima umagunda. Ine ndinayamba kufufuza pakati pa mitemboyo anthu amene ndinkawadziwa, ndipo ndinawapeza.

Mufilimu mizinda imazimirira m'kuwala, kutsala dzenje. A Bernard awiri aja amaoneka kanthawi kochepa atakumbatirana, koma inu simuwadziwa. Zili ngati kumva uthenga wa maliro pa wailesi, dzina lachilendo, mudzi wakutali. Munthu amati pepa, n'kupitiriza kudya nsima. Maliro a mayi amene umagula kwa iye tomato tsiku ndi tsiku ndi nkhani ina. Funso lalikulu la Watchmen ndi lakuti kodi munthu angaphe mamiliyoni kuti apulumutse dziko. Mufilimu funsoli limakhala la masamu. M'buku Veidt wapha anthu ako.

Anthu ambiri amakangana za chilombo. M'buku Veidt amapangitsa chinthu chachikulu chonga nyama ya m'nyanja ya miyendo yambiri, n'kuchigwetsa pa New York kuti dziko liganize kuti adani abwera kuchokera kumlengalenga. Snyder anachichotsa, mlandu n'kuukankhira kwa Dr. Manhattan. Apa ine sindidandaula kwenikweni. Chilombocho chimafuna nkhani yonse ya amisiri ndi alembi obisidwa pachilumba, ndipo filimu ya maola awiri ndi mphindi makumi anayi sikanakwanitsa.

Chimene ndimadandaula nacho ndi komiki imene mnyamata uja amawerenga, Tales of the Black Freighter. Ife timaiwerengera limodzi naye, mawu ake akulowerana ndi a mdala wa kantemba. Ndi ya munthu wa panyanja amene achifwamba anamuphera anzake onse. Pofuna kuthamangira kwawo kukapulumutsa banja, amamanga chombo ndi mitembo ya anzakewo, ndipo akafika amapha anthu osalakwa, mpaka kumenya mkazi wake yemwe mumdima. Ameneyu ndi Veidt, ngakhale buku silikuuzani poyera. M'filimu ya m'masinema mulibe nkhaniyi. Anaipanga padera ngati katuni, kenako anaiphatikiza mu filimu yotalikitsidwa yotchedwa Ultimate Cut, ya maola atatu ndi theka, koma kumeneko imangoimitsa filimu n'kuyamba yake. Patsamba zinthu ziwirizi zimakhala m'kabokosi kamodzi, maso pa New York, mawu ali panyanja.

Palinso za ndewu. Nite Owl wa m'buku, wovala chigoba wina, ndi bambo wa kamimba, wotopa ndi moyo, ndipo nkhanza zikachitika zimanyansa. Snyder amachedwetsa chithunzi kuti chibakera chioneke bwino, fupa likuthyoka mokongola. Moore ankafuna tiziwakayikira anthu ovala zigobawa. Filimu nthawi zina imatichititsa kuwasirira. Moore mwini anakana kuti dzina lake liikidwe pafilimuyi.

Za kuti ndi buku la ana, ayi aphunzitsi, ndipo musalisiye poti ana a m'kalasi mwanu angalipeze. Muli kugwirira, muli kupha mwana, muli zolaula. Kuwerenga kwake n'kofuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo 5 analikonza ngati galasi: tsamba loyamba limafanana kakonzedwe ndi lomaliza, lachiwiri ndi loyandikana ndi lomaliza, mpaka kukumana pakati. Zimenezi mumaziona pokhapokha mutagwira masamba awiri ndi zala, n'kumabwerera m'mbuyo. Filimu siikudikirani, ili ngati basi ya ku Lusaka yodutsa pa Sinda usiku.

Chingerezi chake n'cholimbako, makamaka cha munthu wa panyanja uja, choncho musathamange. Kumapeto kwa gawo lililonse, kupatula lomaliza, kuli masamba a mawu okhaokha: mbiri ya Hollis Mason amene anali Nite Owl woyamba, makalata, zodula m'nyuzipepala. Musawadumphe, muli zambiri za Sally Jupiter, mayi wa gulu la ngwazi zakale, zimene filimu inangozikhudza. Kantemba kaja mudzakapeza koyamba potsegula gawo 3. Mukamaliza gawo 12 mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti munayamba kufunafuna ndani pamasamba asanu ndi limodzi aja.