Komiti ya anthu ophunzira okhaokha, nanga imaphonya bwanji?

Achemwali ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, andilembera imelo. Akuti m'komiti ya sosaite yawo ya maliro muli aphunzitsi awiri ndi namwino, koma zimene amagwirizana siziyenda. Akufunsa ngati asankhe ophunzira kuposa amenewa.

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, anali mlembi wa sosaite ya akwathu ku Mbare, ku Harare komweko. Mu 2007, mitengo ikukwera m'mawa ndi madzulo, mayi wina wogulitsa tomato pa Mbare Musika anakweza dzanja pamsonkhano. Anati ndalama zichoke kubanki, tigule matabwa a mabokosi, misomali ndi nsalu, tisunge. Wapampando, bambo wa tayi amene anakhala kalaliki zaka zambiri, anangoti, "Mayi, zandalama tisiyireni ife." Ndinali kumbuyo. Ndinaona amayi angapo akung'ung'udza kuti mnzawo wanena zoona, koma palibe anaimirira. Pofika Januwale 2009, itatuluka ndalama yapepala ya madola a ku Zimbabwe 100 trillion ija, zopereka za zaka zonsezo sizikanagula ngakhale buledi. Maliro a amalume anga tinachita kupemphetsa khomo ndi khomo. Bambo anamwalira akudziimbabe mlandu kuti anangolemba maminitsi osatsegula pakamwa.

Ndiye musandiuze kuti vuto ndi sukulu. Nzeru inalipo tsiku lija, inakhala pabenchi la amayi. Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, koma mitu makumi atatu ikangokhala chete kumvera umodzi, dengalo lasenzedwabe ndi mmodzi.

Mu 2010 wofufuza wa ku America Anita Woolley ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Science kafukufuku wa anthu 699 amene anaikidwa m'timagulu ta anthu awiri mpaka asanu n'kupatsidwa ntchito zoti achitire limodzi. Kukhala ndi katswiri mmodzi sikunathandize kwenikweni. Timagulu tochita bwino tinali tomwe anthu ankasinthana polankhula, tomwe anthu ankatha kuzindikira za mumtima mwa mnzawo pongomuona m'maso, ndiponso tomwe munali amayi ambiri. Nditawerenga zimenezi ndinalira, mayi wa tomato uja ali m'maganizo.

Palinso nkhani imene analemba wasayansi wa ku England Francis Galton. Mu 1906, pachionetsero cha ziweto ku Plymouth, ku England komweko, anthu analosera kulemera kwa nyama ya ng'ombe ikasendedwa. Pa mayankho 787, lapakati linali mapaundi 1,207, ndipo sikelo inaonetsa 1,198. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti aliyense analemba yekha pakapepala, asanamve za wamkulu aliyense. Kwathu wamkulu akayamba kulankhula, otsatira amangoti "monga anenera bambo." Ulemu ndi wabwino, ndinaleredwa nawo, koma ulemu umenewu unatidyera ndalama.

Ndiye muchite chiyani?

Komiti musaisinthe. Nkhani ikakhala ya ndalama, aliyense alembe maganizo ake pakapepala musanayambe kukambirana, wosatha kulemba anong'oneze mlembi. Kenako zungulirani mmodzimmodzi, kuyambira amayi ndi achinyamata. Wapampando alankhule pomaliza, ndipo mumuuze zimenezi panokha Lamlungu la msonkhano lisanafike, kuti asachite manyazi pagulu.