Kodi Ndalama Zathu za Inshuwalansi Zimasungidwa Kuti?

FUNSO

Akonzi, ndakhala ndikulipira inshuwalansi ya moyo kwa zaka 6 tsopano. Nditawerenga lipoti la pachaka la kampaniyo, ndinadabwa kuona kuti ndalama zochuluka anagulira mabondi, pamene ku masheya, kumene anthu amati kuli phindu lalikulu, anaikako zochepa chabe. Kodi kumeneku sikugonera ndalama zathu?

Wowerenga wanu

YANKHO

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Zimene mwaonazo si ulesi ayi, ndipo mukanapeza zosiyana ndi zimenezi, ndiye tikanakuuzani kuti muyambe kuda nkhawa. Ndalama zimene kampani ya inshuwalansi imatolera kwa makasitomala si zake, koma ndi ngongole imene ikudikira tsiku lobwezedwa. N'chifukwa chake oyendetsa chuma cha kampani asanaganize za phindu, amayamba adzifunsa kuti adzalipira ndani, zingati komanso liti.

Inshuwalansi ya moyo ndi penshoni ndi malonjezo a zaka 20, 30 kapena kuposerapo, ndipo akatswiri owerengera amatha kuyerekeza bwino ndithu kuchuluka kwa ndalama zimene zidzafunike chaka chilichonse. Bondi ndi chikalata chosonyeza kuti mwabwereketsa ndalama ku boma kapena ku kampani ina, ndipo chimatchuliratu chiwongoladzanja ndi tsiku lobwezera. Choncho kampani imasankha mabondi amene masiku ake okhwima akugwirizana ndi masiku a malonjezo ake, kuti ndalama zizilowa pa nthawi imene zikufunika kutuluka. Masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampani, salonjeza chilichonse chotero, chifukwa mtengo wake ukhoza kugwa m'chaka chomwecho chimene amasiye akubwera kudzatenga ndalama zawo. Makampani a inshuwalansi ya galimoto, moto kapena madzi osefukira amasunga gawo lalikulu m'mabanki ndi m'mabondi okhwima msanga, popeza ngozi siinena tsiku.

Palinso lamulo. Mwachitsanzo, m'mayiko a m'bungwe la European Union, malamulo otchedwa Solvency II, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2016, amafuna kuti kampani ikhale ndi mpamba wokwanira kupirira ngati masheya a pamsika atagwa ndi 39 peresenti, chiwerengero chimene chimasinthidwako pang'ono malinga ndi mmene msika ulili. Pa nyumba ndi malo, chiwerengerocho ndi 25 peresenti, pamene pa mabondi a maboma a m'bungweli palibe mpamba wofunika kaamba koopa kuti boma lingalephere kubweza. Ena amadandaula, ndipo ife tikuona kuti ali ndi mfundo, kuti lamuloli limakondera maboma ngati kuti boma silingagwe m'mavuto a ngongole. Komabe zotsatira zake n'zoonekeratu: kugula masheya ambiri kumamangirira mpamba wambiri wa eni kampani.

Tisakunamizeni kuti bondi lililonse ndi lotetezeka. Kampani ya Executive Life ya ku California inalandidwa ndi akuluakulu a boma mu 1991 itadzaza nkhokwe yake ndi mabondi a chiwongoladzanja chokwera ochokera ku makampani ofooka. Ku Japan nkhani inali yosiyana. Makampani a inshuwalansi ya moyo analonjeza makasitomala phindu lokwera m'zaka za m'ma 1980, koma masheya atagwa kuyambira mu 1990, chiwongoladzanja n'kutsikanso kwambiri, ndalama zimene ankapeza zinachepera zimene analonjeza. Nissan Mutual Life inagwa mu 1997, ndipo pofika mu 2001 makampani 7 anali atagwa.

Mwina mwamvapo za Berkshire Hathaway, kampani ya ku America ya Warren Buffett, imene inagula kampani ya inshuwalansi ya National Indemnity mu 1967 ndipo imadziwika ndi kuika ndalama zochuluka m'masheya. Imatero chifukwa mpamba wake ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi malonjezo ake, mwakuti msika ukagwa imalipirabe osagulitsa kanthu mokakamizika. Makampani ambiri alibe mphamvu zoterozo, n'chifukwa chake masheya, nyumba zobwereketsa ndi ngongole za ntchito zikuluzikulu amaziika monga zowonjezera, makamaka pofuna kudziteteza ku kukwera mitengo kwa zinthu, kumene kumadya pang'onopang'ono phindu la mabondi.

Mukabwereranso ku lipotilo, onani kuti mabondiwo anabwereketsa ndani, akhwima liti, komanso kuti mpamba wa kampani ukuposa bwanji umene lamulo limafuna. Ngati mtima wanu ulidi pa masheya, funsani za inshuwalansi imene phindu lake limatsata msika mwachindunji, koma mudziwiretu kuti pamenepo msika ukagwa, amene mumataya ndinu, osati kampani.