Mayi, mwana wanu asasaine pepalalo ku Durban

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Mwana wawo ndi wophika m'sitima yonyamula katundu imene yaima padoko la Durban. Miyezi 3 yatha osalandira malipiro, chakudya chikutha, ndipo kaputeni akuti asaine pepala lonena kuti kampani ilibe naye ngongole, akatero amugulira tikiti yobwerera kumudzi. Funso lawo n'lakuti, kodi asaine?

Mayi, asasaine. Tikiti imeneyo si chifundo cha kaputeni ayi, ndi yake kale mwalamulo.

Pali pangano la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, lotchedwa Maritime Labour Convention, la mu 2006, lomwe linayamba kugwira ntchito mu August 2013. Kuyambira mu January 2017, panganoli limanena kuti mwinisitima akaleka kulipira antchito kwa miyezi 2, kapena kuwasiya opanda chakudya ndi njira yobwerera kwawo, ndiye kuti wawataya. Sitima imayenera kukhala ndi inshuwalansi ya zoterezi, yomwe imalipira malipiro otsalira mpaka a miyezi 4, chakudya, ndi ulendo wobwerera kwawo. Satifiketi yake imapachikidwa poonekera m'sitimamo, ndipo pamakhala nambala ya kampani ya inshuwalansiyo. Mumuuze aijambule ndi foni lero lomwe, pamodzi ndi kontirakiti yake.

Koma chimene chimandisangalatsa pa malamulo apanyanja ndi ichi: ngongole ya malipiro imamatirira pa sitimayo. Mwiniwake akhoza kubisala kuseri kwa kampani ya papepala chabe, sitimayo n'kumaulutsa mbendera ya Panama, Liberia kapena Marshall Islands, mayiko amene mwina sanapondeko phazi. Chitsulocho sichingabisale, chili padoko. Lamulo la South Africa la mu 1983, Admiralty Jurisdiction Regulation Act, limalola antchito kupempha khoti kuti ligwire sitima ngati mmene amagwirira munthu. Mwiniwake akapanda kulipira, khoti limaigulitsa, ndipo pogawa ndalama antchito amakhala kutsogolo kwa banki imene inakongoza mwinisitimayo. Akasaina pepala lija, loya wa kampani adzangolitulutsa m'chikwama n'kunena kuti mwiniwake anavomera yekha.

Ndikamva za kusaina m'sitima ndimakumbukira Mohammed Aisha wa ku Syria. Sitima yake, MV Aman, inagwidwa ku Egypt pafupi ndi Suez mu 2017, iye n'kusaina chikalata chomuika kukhala woyang'anira sitimayo pamaso pa khoti, asakumvetsa tanthauzo lake. Anzake ananyamuka mmodzimmodzi, iye n'kutsala. Mayi ake anamwalira ali momwemo. Chakumapeto ankachita kusambira kupita kumtunda kukagula chakudya ndi kutchaja foni, m'sitima mulibe magetsi. Anatuluka mu April 2021. Pepala lake linali losiyana ndi la mwana wanu, koma onse awiri analandira cholembera ali pamavuto.

Tsono achite izi. Aimbire inspekitala wa ITF, chitaganya cha mabungwe a antchito za mtengatenga, amene amathandiza amalinyero kwaulere. Adandaulenso ku SAMSA, nthambi ya boma yoyendera sitima m'madoko a South Africa, yomwe ili ndi mphamvu yoletsa sitima kunyamuka. A Mission to Seafarers, bungwe lachikhristu lothandiza amalinyero, amathandiza pa chakudya ndi kulumikizana ndi abale. Kulikonseko adzamufunsa nambala ya IMO, yomwe ndi nambala yodziwira sitimayo padziko lonse, ya manambala 7, chifukwa dzina ndi mbendera mwinisitima amasintha ngati malaya, koma nambalayi ayi. Ndipo asangotsika n'kulowa m'tauni mwakachetechete, angasanduke mlandu wa olowa ndi kutuluka.

Chinthu chimodzi mundiyankhe, mayi: mwatsimikiza kuti ndi sitima ya katundu? Ngati ndi yopha nsomba, pangano la 2006 siliikhudza. Zimenezo zili ndi lawo la mu 2007, lotchedwa C188, ndipo ndiyenera kukulemberaninso zina.